Kadontho Kofiira ka Achimwene

Achimwene anga ndi wolemba zikwangwani, ndipo m'tauni muno anthu amangowatchula kuti a Bulashi. Mukayenda kuchokera pamsika kukafika kokwerera mabasi, theka la mawu amene mungawerenge pamakoma ndi a dzanja lawo: dzina la butchala, mitengo ya kometa tsitsi, chenjezo loti pano si potaya zinyalala. Ndi munthu wamtali, wowerama pang'ono ngati akupepesa kuti anatalika, ndipo chibadwire changa sindinaonepo zikhadabo zawo zopanda penti. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, telala. Ondidziwa amati pogawa malilime ine ndinalandira langa ndi la achimwene lomwe, ndipo sindikana.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuchita nawo manyazi achimwenewa. Si chidakwa, si wakuba, ndipo mkazi wawo sanamukwezerepo dzanja. Vuto lawo ndi loti sapemphera, ndipo ukawafunsa ngati Mulungu alipo amangoyang'ana pansi n'kumakanda penti pachala. Kwathu tinakulira m'kwaya tonse, ndipo besi ya achimwene inkanjenjemeretsa mawindo. Ndiye tangoganizani ine, mayi wokhala mpando wakutsogolo, wosoka mayunifolomu a amayi onse a mumpingo, kumafunsidwa sabata ndi sabata kuti achimwene anu aja abwera liti. Ndinkayankha kuti ntchito yawachulukira, mpaka bodzalo linandikalambira m'kamwa.

Kuti muwamvetse muyenera kudziwa za kadontho. Olemba zikwangwani ambiri akamaliza ntchito amalemba dzina lawo ndi nambala ya foni pakona, kuti ena aziwapeza. Achimwene satero. Iwo amangoika kadontho kofiira, kochepa ngati nyemba, pansi chakumanja, moti wosadziwa angayese kuti penti anangodontha. Poyamba ankakaika pa ntchito iliyonse. Koma akadali mnyamata analembera munthu wina wogulitsa mankhwala a m'mabotolo chikwangwani chonena kuti amachiza matenda onse. Podutsa mawa lake anapeza mzere wa odwala, ena atachita kuwanyamula, akuwerenga zilembo zawo zokongolazo. Anandiuza kuti anamva ngati wabodzayo ndi iwo. Anabwerera ndi nsanza ndi thina, mafuta osungunulira penti aja, n'kufufuta kadonthoko, mawuwo n'kuwasiya poti anali a mwini wake.

Kuyambira tsiku limenelo anadziikira lamulo. Chilichonse chimene kasitomala wafuna amalemba, poti ndiyo ntchito, koma kadontho amaika pa mawu okhawo amene angawaikire kumbuyo. "Pano timakonza njinga" pamakhala kadontho. "Zotsika mtengo kuposa kwina konse" sipakhala kanthu. Sanauze munthu, linali lamulo la iwo ndi mtima wawo.

Tsoka lake, ntchito yambiri ya wolemba zikwangwani ndi ya Mulungu. Wagula basi amafuna kumbuyo kwake kulembedwe kuti Mulungu salephera. Watsegula golosale amafuna pamwamba pa chitseko pakhale kuti Ambuye amayankha. Choncho zimene munthu wina amabisa mumtima, achimwene ankazipachika m'misewu osadziwa.

Woyamba kuzindikira anali mkazi wawo, alamu anga. Ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pahotela ina kutsidya kwa tauni, ndipo ankapita wapansi. Anali mayi wamfupi, wofatsa, wopemphera mosachita phokoso, wosiyana ndi ine ngati usiku ndi usana. Tsiku lina ndikuwayeza diresi, tepi ili m'chiuno, anandiuza akuseka kuti iwo safunsa amuna awo zimene akuganiza, amangowerenga m'makona popita kuntchito. Anandifotokozera za kadontho, n'kundipempha kuti ndisawauze kuti akudziwa. M'zaka zoyambirira za banja lawo, akuti, paliponse pamene panali dzina la Mulungu panalinso kadontho, ndipo ankafika kuntchito mtima uli m'malo.

Kenako kadontho kanayamba kusankha. Pa "Zonse analenga ndi Mulungu" kanalipo. Pa "Ambuye amayankha" kanasowa. Alamu anazisunga mumtima, koma ine sindine munthu wosunga chinthu m'kamwa. Ndinawapeza achimwene pamakwerero, akulemba khoma la sitolo ya nsapato, chingwe cha choko chowongolera mizere chili m'khosi, ndipo ndinawafunsa pamaso pa anthu odutsa chimene chawalowa m'mutu kuti asiye kupita kutchalitchi.

Anatsika pang'onopang'ono, nkhope ili pansi. Anandilozera khomalo n'kunena kuti munthu akaona zilembo zowongoka chonchi amadziwa kuti panadutsa dzanja, penti sadziyala yekha. Dziko nalo n'chimodzimodzi, anatero, wina analipanga, ndipo pamenepo sankakayika. Koma wolemba akamaliza amatsika, amanyamula makwerero, n'kupita. Dzuwa limawotcha chikwangwani, mvula imachisukulutsa, ana amachigenda, iye sabweranso. Ukhoza kuima pansi pake n'kumuitana tsiku lonse. Iwo ankaona kuti Mulungu ali choncho, anapanga bwino n'kusiyira zopangidwazo kuti zizidziyendera.

"Ndiye Mulungu wanuyo ndi waganyu, achimwene? Anamaliza ntchito n'kusamba m'manja?"

Anandipempha kuti nditsitse mawu, n'kukweranso makwerero, makutu awo okha akuoneka kuti mawu anga awapweteka. Ine ndinapita ndikudziona ngati ndapambana, ngakhale kuti palibe chimene ndinasintha.

Achimwene ndi alamu anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kokonda kusakaniza mapenti ndi kamtengo, ndipo bambo ake ankati kadzawalanda ntchito. Kanadwala mutu ndi kutentha thupi, ndipo pasanathe sabata tinakaika m'manda. Alamu anapemphera kuchipatala mpaka mawu anasasa. Achimwene sanapemphere, anangogwira phazi la mwanayo, ndipo atamwalira tinachita kuwamasula zala. Patapita miyezi anabwerera kuntchito, ndipo alamu anabwera kushopu kwanga tsiku lina m'mawa, anakhala pampando wa makasitomala, n'kundiuza kuti kadontho kachoka ngakhale pa "analenga". Analira mwakachetechete, akupukutira misozi pakansalu kotsala pa diresi la munthu wina.

Apa m'pamene pakulowa mnzawo wa achimwene, wowotcherera zitsulo, amene amawapangira mafelemu a zikwangwani. Ameneyu anthu amamutcha Kulibe, chifukwa ndiwo mawu amene amatsekera nkhani iliyonse ya kumwamba. Ndi munthu wa mimba, wa mawu aakulu, wosachita manyazi ndi kalikonse, ndipo ine ndi iye timagwirizana ngati mphaka ndi galu. Komabe ndinene zoona, pa maliro a mwana uja anagwira ntchito kuposa madikoni onse.

Tsiku lina ndinapita kwa iye kukatenga chopondera cha mashini anga chimene chinathyoka, ndipo ndinapeza achimwene ali momwemo, akulemba khoma la m'kati. Kulibe anali atawapempha kuti amulembere mawu akuti "Kumwamba kulibe aliyense". Iye anali atakhala pa silinda ya gasi, akulalikira kuposa abusa. Ankati wolemba amene anapita osabweranso ndi wolemba amene sanakhalepo n'komwe, kwa khoma n'chimodzimodzi. Ankati dzimbiri nalo limajambula maluwa pachitsulo popanda dzanja la munthu, ndipo anthufe timangoopa kuvomera kuti tili tokha. Ndinafuna kumugenda ndi chopondera chija.

Achimwene anamaliza chilembo chotsiriza, chowongoka bwino ngati zina zonse. Kulibe nayenso anali atazindikira za kadontho, poti mafelemu onse ankadutsa m'manja mwake. Anatsegula yekha kachitini ka penti wofiira n'kuwapatsa, akundiyang'ana ine ndi diso lachipongwe. Achimwene anakayang'ana kachitiniko nthawi yaitali, kenako anakatseka n'kumenya chivundikiro ndi chigwiriro cha bulashi.

"Kuti ndiike kadontho apa, mnzanga, ndiyenera kukhala nditakwera n'kukaona kuti mulibedi munthu. Makwerero anga safika."

Kulibe anaseka mpaka kutsokomola. Anawatcha mleme, wosadziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa, ndipo anati munthu woika mwana wake m'manda n'kumakayikabe ndi wamantha basi. Ine ndinasangalala, ndinkayesa kuti nkhosa yabwerera. Tikutuluka ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti Lamulungu ndidzawadutsira. Anandiyankha motsitsa kuti makwerero omwewo safikanso poti akaone kuti mulidi munthu. Sakunena kuti alipo, sakunena kuti kulibe, sakudziwa basi, ndipo sakuona mmene munthu woima pansi pano angadziwire. Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Anati akudziwa, ananyowa kale.

Chinsinsi chikafika kwa Kulibe chafika pawailesi. Pasanapite nthawi tauni yonse inadziwa za kadontho. Anthu anayamba kuwerama pansi pa zikwangwani zawo ngati ataya singano. Wa butchala ananyadira kuti chake chili nako, wa salauni amene analembetsa kuti amasandutsa agogo kukhala atsikana anakalipa. Zikanathera poseketsa pomwepo, koma chaka chomwecho achimwene anali atalemba khoma lakutsogolo m'tchalitchi mwathu, pamwamba pa guwa, mawu akuti Mulungu ali pakati pathu. Lamulungu lotsatira ndinaona amayi anzanga akutsinana n'kumalozerana pakona ndi milomo. Panalibe kanthu, khoma loyera lokhalokha.

Sindinamvepo manyazi ngati a tsiku limenelo. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Nyimbo sindinaimbe, ulaliki sindinaumve, ndinangoti maso pa nsapato zanga. Alamu anali pambali panga, ndipo anaimba nyimbo zonse mpaka ndime yotsiriza. Potuluka mayi wina anawauza mokoma, kukoma kwa singano, kuti tikuwapempherera abambo kunyumbako. Alamu anathokoza.

Achimwene atamva, anasiya kudutsa msewu waukulu. Ankazungulira kuseri kwa msika ndi makwerero awo paphewa, chipewa chili m'maso. Ena anasiya kuwapatsa ntchito, ena ankawakakamiza kuika kadontho asanatsike. Okhulupirira ankawaona ngati wachinyengo wodyera dzina la Mulungu, Kulibe ndi anzake ankawaona ngati wamantha. Koma chimene chinkawadya kwenikweni ndi mkazi wawo. Anandiuza tsiku lina, atakhala pakhomo la shopu yanga ngati mwana wothamangitsidwa kusukulu, kuti amasilira ine ndipo amasilira Kulibe, poti tonse awiri timagona tulo. Anati mkazi wabwino chonchija amayenera mwamuna woti azigwada naye limodzi, osati chitsa chongokhala pabedi iye akupemphera. Ndinawauza kuti ndiye gwadani. Anati kugwada angagwade, koma kungakhale ngati chikwangwani cha wamankhwala uja. Ndinawapatsa tiyi, poti chibale n'fupa, sichiwola.

Zaka zinadutsa choncho, tsitsi lathu tonse linachita imvi. Kenako alamu anayamba kuwonda. Madiresi amene ndinawasokera ndinkawabweza m'chiuno mwezi ndi mwezi, mpaka panalibenso pobweza. Madokotala anayesa zimene akanatha, kenako anati apite akapumire kunyumba. Achimwene anasiya ntchito, ankawasambitsa okha, kuwadyetsa ndi sipuni, ndipo alamu akafuna pemphero ankathamanga kudzanditenga ine, iwo n'kuima pakhomo la chipinda chipewa chili m'manja.

Masana ena, ine ndikupinda zovala pampando, alamu anawaitana amuna awo kuti akhale pabedi. Anawauza kuti pamanda awo safuna zambiri, akufuna chikwangwani chachitsulo cholembedwa ndi dzanja lawo, dzina ndi mawu amodzi okha akuti "Tidzaonananso". Achimwene anazyolika. Ndinadziwa chimene akuopa.

"Za kadontho ndikudziwa, bambo. Ndinadziwa chaka choyamba chomwe, Kulibe asanatsegule pakamwa."

Achimwene anayamba kupepesa, koma alamu anawagwira dzanja.

"Mukalembe mawuwo chifukwa ndi anga. Koma kadontho musakaike pondimvera chisoni. Ndakhala nanu zaka zonsezi chifukwa kadontho kaja sikanandinamizepo. Tsiku limene mudzakhulupirire, mudzabwere mudzaike. Ine sindili pachangu."

Anamwalira mwezi womwewo.

Chitsulo anawotcherera ndi Kulibe, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anagwira ntchito osatsegula pakamwa. Maso ake anali ofiira, iye n'kumati ndi moto wa ntchito. Achimwene analemba pabwalo la nyumba yawo, zilembo zoyera pa chitsulo chakuda, ndipo sindinaonepo ntchito yawo yokongola ngati imeneyo. Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndikudikira. Anatsuka bulashi, anapukuta manja, n'kukhala pansi.

Mawu a alamu ndinawamva ndi makutu angawa, komabe ndinawachonderera. Ndinawauza kuti mawa mpingo wonse ukhala kumanda, ndipo aliyense maso ake akathamangira pakona. Ndinati kadontho kamodzi sikangaphe munthu, achite chifukwa cha ine, chifukwa cha ulemu wa malemu, kuti anthu asanene kuti mwamuna wake yemwe sakhulupirira zodzamuonanso. Analira ngati mwana. Anati palibe chimene akufuna padziko lapansi kuposa kuti mawu amenewo akhale oona, ndipo n'chifukwa chake akuopa, poti kufuna si kudziwa. Anati akaika lero, ndiye kuti amunamiza mkazi wawo tsiku loyamba limene sangathe kuwerenga yekha.

Mawa lake zinachitika monga ndinanenera. Chikwangwani chitazikidwa, maso onse anatsikira pansi chakumanja, kenako anakwera kwa achimwene, kenako kwa ine. Panalibe wonena kanthu, ndipo bwenzi zili bwino akanalankhula. Achimwene anaima atawerama, chipewa akuchipotokola m'manja, manyazi ali thupi lonse. Ine nkhope inkandiyaka. Ndinabwerera kunyumba osawatsanzika, ndipo ndinatha milungu osawalankhula.

Amene anandibweza ndi Kulibe, munthu amene sindinkayembekezera. Anabwera kushopu ndi buluku long'ambika, ndipo ndikulisoka anandiuza kuti achimwene anu aja apenga. Loweruka lililonse masana amapita kumanda ndi kachitini ka penti wofiira ndi kabulashi kakang'ono. Amakhala pamenepo, amatsegula kachitini, amatakasa, kenako amatseka n'kubwerera. Kulibe anati anawauza kuti ataye kachitiniko apumule, koma sanamumvere.

Loweruka lotsatira ndinawatsatira. Ndinawapeza atakhala pamwala, miyendo yaitali ija atayipinda, kachitini kali pakati pa mapazi. Udzu anali atazula, chikwangwani atachipukuta. Atandiona anafuna kubisa kabulashi m'thumba ngati ndawagwira akuba. Ndinakhala pambali pawo, ndipo poti lilime langa silidziwa manda, ndinawauza kuti asankhe chimodzi. Ngati akukhulupirira aike, ngati sakhulupirira amvere mnzawo ataye chitinicho, m'malo momadzizunza sabata ndi sabata anthu akuona.

"Kutaya nakonso n'kuika kadontho, mlongo wanga. Kungoti pa khoma la Kulibe."

Patapita nthawi anandiuza kuti masiku ena, akakhala pamenepo, amamva ngati alamu ali pafupi, ndipo dzanja limanyamuka lokha. Ndiye amadzifunsa ngati ndi iwodi kapena ndi kuwasowa chabe, ndipo dzanjalo limabwerera. Masiku ena amaona dothi ndi chitsulo basi. Anati amachita manyazi pamaso pa mkazi wawo kubwera chimanjamanja nthawi zonse, koma kusabwera kungawachititse manyazi oposa.

Mpaka lero amapitabe. Kutchalitchi amandifunsabe za iwo, ndipo nkhope imandiyakabe, koma ndinasiya kunena kuti ntchito yawachulukira. Ndimangoti sakudziwa, ndipo safuna kunama. Ena amagwedeza mutu mondimvera chisoni, ndipo ndimawasiya.

Manja awo ayamba kunjenjemera tsopano, makwerero anasiya kukwera, ndipo zinthu amaiwalaiwala. Mwezi watha ndinapita kukawasesera m'nyumba iwo atapita kumsika. Pawindo la kuchipinda ndinapeza kachitini kaja, chivundikiro atachiika mopendama. Penti anali atayamba kuuma, pamwamba pachita chikhungu. Ndinaima nako m'manja nthawi yaitali. Ndikanakasiya, Loweruka akanapeza penti atauma ngati mwala, ndipo nkhani ikanatha yokha popanda iwo kusankha kanthu.

Ndinachotsa chikhungucho ndi kamtengo, ndinathiramo thina pang'ono, ndinatakasa mpaka pentiyo anayambanso kudontha. Kenako ndinatseka bwinobwino n'kukabweza pawindo, pambali pa kabulashi.